Thambo loyera mbee, nyumba yakuda bii: kodi ndigule kamera?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wina wa ku Bangula: "Ndimakonda kujambula mitambo, kulowa kwa dzuwa ndi nyumba zakale, makamaka za kunjanji ndi masitolo akale. Ndimajambulira foni ya Tecno. Ndi maso thambo limakhala lokongola, koma pachithunzi limatuluka loyera mbee. Ndikati ndikonze thambo, nyumba imada bii, komanso imaoneka ngati ikugwa chagada. Nyenyezi ndiye sizituluka n'komwe. Pa WhatsApp zithunzi zimafika zitafwifwa, ndipo china munthu wina anachiika pa Facebook ngati chake. Tsiku lina mlonda anandithamangitsa. Ndasunga kandalama pang'ono. Kodi ndigule kamera yeniyeni? Ndatumiza zithunzi zitatu za mwezi wa Julayi: sitolo, kulowa kwa dzuwa, ndi nyumba ya kunjanji imene khoma lake lokongola ndimalipeza lili mumthunzi nthawi zonse."

Aphunzitsi, zithunzi zija ndaziona zonse zitatu, ndipo ndalamayo ibakhala kaye m'thumba. Palibe ngakhale chimodzi chimene chalakwika chifukwa cha foni. Mithunzi ndiyo yakuululani. Pa chithunzi cha sitolo chija pali mbuzi, ndipo mthunzi wake ndi waufupi. Ndiye kuti munajambula dzuwa lili paliwombo, mwina poweruka kusukulu. Nthawi imeneyo kuchigwa kuno, ngakhale mutandibwereka kamera ya mamiliyoni, ine ndimakakhala pansi pa mtengo wa nimu n'kumadikira. Ndinayamba ntchitoyi nthawi ya mafilimu, pamene filimu imodzi inkatenga zithunzi 36 ndipo kuti uone chimene watola unkadikira ipite ku Blantyre ikatsukidwe. Kudula kwa filimu kunatiphunzitsa kuyamba taona kumene kuli dzuwa tisanayang'ane chimene tikufuna kujambula.

Chimene chikukuchitikiranicho n'chosavuta kumvetsa. Mukakweza maso kumwamba, mwana wa diso amachepa; mukawatsitsa pakhonde pamene pali mthunzi, amakula, ndipo ubongo umasoka mbali ziwirizo n'kukupatsani chinthu chimodzi chokoma osakuuzani kuti wasoka. Kamera imatola kamodzi ndi muyeso umodzi wa kuwala. Masana thambo lathu limawala kuposa khoma la mumthunzi kambirimbiri, ndiye kamerayo imakhala ngati bambo wamitala amene wabwera ndi nsalu imodzi. Ikakondweretsa khoma, thambo limapsa n'kuyera. Ikakondweretsa thambo, khoma limada.

Musaisiyire foni kuti isankhe yokha. Gwirani pasikirini pamene pali thambo. Pambali patuluka kachizindikiro konga kadzuwa. Kakokereni pansi pang'onopang'ono mpaka mitambo iyambe kuonetsa mapindi ake, ndipo mukagwira nthawi yotalikirapo mafoni ambiri amatseka muyesowo kuti usasinthe mukasuntha dzanja. Nyumba ida pang'ono, musadandaule. Mdima umabwezeka pokonza chithunzi, chifukwa njerwa zija zilimo, zangobisala. Koma pamene payera mbee ndi pepala lopanda cholembedwa, simungawerengepo kanthu. Yatsaninso HDR ngati foni yanu ili nayo: imatola zithunzi zingapo mofulumira, china chowala china chakuda, n'kuziphatikiza, choncho dzanja lisagwedezeke. Zina ziwiri ndi zazing'ono koma zimapha zithunzi zambiri kwathu kuno. Foni imakhala m'thumba la thukuta ndi fumbi, ndiye pukutani diso la kamera ndi kansalu kofewa musanajambule. Chifunga chimene chili pa chithunzi chanu cha kulowa kwa dzuwa, theka lake ndi mafuta a chala. Ndipo lekani kukokera chinthu pafupi ndi zala ziwiri. Pa mafoni ambiri otsika mtengo kuteroko n'kungodula chithunzi n'kuchitambasula. Yendani ndi miyendo.

Koma mankhwala enieni ndi nthawi. Ola loyamba dzuwa likangotuluka ndi ola lomaliza lisanalowe, thambo ndi nthaka zimawala mofananako, ndipo mkangano wa mitala uja umatha wokha. Chovuta n'chakuti ife tili pafupi madigiri 16 kapena 17 okha kummwera kwa ikweta, ndiye dzuwa limatuluka ndi kulowa molunjika, silizengereza ngati ku Ulaya kumene chisisira chimatenga nthawi yaitali. Likangomira, mwatsala ndi mphindi zongopitirira pang'ono 20 mdima usanagwire. Amene amayamba kufunafuna poima ataona kuti kumwamba kwafiira, wachedwa kale. Malo asankheni dzulo lake. Mu Juni dzuwa limatuluka itangokwana 6 koloko n'kulowa cha m'ma kota pasiti 5. Kumapeto kwa Novembala limatuluka 5 koloko isanakwane bwino. Mu Januwale limalowa cha m'ma kota pasiti 6. Onjezanipo mapiri: ku East Bank, cha ku Muona ndi Fatima, mapiri a Thyolo amalichedwetsa m'mawa, pomwe pa boma la Nsanje mapiri a ku Chididi amalimeza madzulo nthawi yake isanakwane. Dzuwa likalowa musathamangire kunyumba. Mitambo ya pamwamba imayaka patapita mphindi khumi kapena kuposerapo, anthu ambiri atabweza kale mafoni m'matumba. Chewukaninso kumbuyo: nthawi zambiri zokoma zimakhala kum'mawa, kumene mapiri a Thyolo amasanduka ofiirira.

Thambo la kuchigwa lili ndi nyengo zake ngati munda, ndipo pano ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene pali chuma chanu. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, m'mwamba mumadzaza utsi wa lupsa, wa nzimbe zimene amatentha asanadule ku Nchalo, ndi fumbi. Masana thambo limakhala loyezuka ndithu, ndipo palibe batani limene lingalisandutse lobiriwira. Miyezi imeneyi musalimbane nalo, lichepetseni m'chithunzi kapena lichotseniretu. Koma utsi womwewo umakupatsani mphatso madzulo. Dzuwa likatsika, kuwala kwake kumadutsa mpweya wautali kuposa masana, mpweyawo umamwaza mtundu wa buluu n'kusiya wofiira, ndipo utsi umalizimitsako mphamvu mpaka limangokhala ngati mbale yofiira yolendewera pamwamba pa migwalangwa. Mu Sepitembala ndi Okutobala ndi pamene foni imatha kulitola lozungulira bwino, osati chibanthu choyera. Ngakhale zili choncho, musaliyang'ane mwachindunji likadali ndi ukali, ndipo tsiku la kadamsana musayese n'komwe popanda magalasi ake enieni.

Mvula yoyamba ikagwa, konzekani m'mawa wotsatira. Mpweya umakhala wochapidwa, mapiri amene munawaiwala kwa miyezi itatu amabwera pafupi ngati mungawakhudze, ndipo kuyambira Novembala mpaka Malichi mitambo ya mvula imamera pamwamba pa mapiri masana n'kumakula ngati chulu mpaka madzulo. Ku Blantyre munthu amakhala pansi pa mtambowo, akunyowa. Ife kuchigwa timauona wonse kuchokera kuphazi mpaka kumutu, chifukwa dziko lathu ndi lathyathyathya ndipo palibe chotchinga. Anzathu a kumtunda amatiseka ndi kutentha, koma izi alibe. Utawaleza musaufunefune kwina: umakhala mbali yoyang'anana ndi dzuwa, ndiye madzulo mvula ikamadutsa, dzuwa likhale kumsana, maso kum'mawa. Kenako Epulo mpaka Julayi ndi nyengo ya thambo lobiriwira bwino, nkhungu ya m'mawa pamwamba pa madambo, ndi chiperoni chimene chimaphimba mapiri a Thyolo ife pansi pano tili padzuwa. Dzina lakelo linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene mitamboyo imachokera.

Thambo lokha, lopanda chinthu pansi, limatopetsa. Munthu akaliona sadziwa ngati ndi ku Bangula kapena ku Dubai. Ikanimo chinthu chonena kwathu: mlambe, bwato, wakabaza atanyamula matumba a makala, ng'ombe za ku Ngabu zikubwerera kukhola fumbi lili kobo, dzuwa likuwala kuseri kwake. Tsitsani malire a dziko ndi thambo akhale cha m'munsi, thambo litenge magawo awiri mwa atatu, ndipo yatsani mizere yothandiza ija ya pasikirini kuti malirewo asapendekeke. Pa chithunzi cha mtsinje kupendekeka kumaonekera msanga, Shire amakhala ngati akutayikira pakona.

Poti ndatchula mtsinje: nthawi yokoma kujambula ndi yomweyo imene ng'ona ndi mvuu zimakhala pantchito. Musaime m'mphepete penipeni, musagwade pamadzi pofuna chithunzithunzi cha mitambo, ndipo funsani asodzi a padooko. Za mphezi, njira yosavuta ndi kujambula vidiyo n'kudzatapamo chithunzi pamene chiphaliwali chang'anima, koma muli pakhonde kapena m'galimoto. Werengani masekondi kuchokera pa kung'anima mpaka kugunda: atatu aliwonse ndi kilomita imodzi. Akachepera 30, lowani m'nyumba. Panjanji, pamlatho, m'bwato kapena pansi pa mtengo uli wokha si poima. Kutentha nakonso ndi mdani. Mafoni ambiri anapangidwa kuti azigwira bwino ntchito mpaka madigiri 35, pomwe kuno Okutobala ndi Novembala timadutsa 40. Ikatentha imadetsa sikirini, imazengereza, mwinanso kutseka kamera. Muzisunga mumthunzi, ndipo musajambule ili pachaji.

Nyenyezi zimatheka, ngati foni yanu ili ndi gawo lolembedwa Pro kapena Manual. Apa kuchepa kwa magetsi m'midzi mwathu kumatikomera. Pakati penipeni pa mlalang'amba, pamene pamawala kwambiri, pamadutsa pafupifupi pamutu pathu, chinthu chimene anthu a ku Ulaya amachiona chili m'munsi cha kumalire a thambo. Pakati pa Juni pamafika pamutu cha pakati pa usiku, pakati pa Julayi cha m'ma 10 koloko, pakati pa Ogasiti cha m'ma 8 koloko, ngakhale pofika apo utsi umakhala wayamba. Sankhani usiku wopanda mwezi, tulukani kutali ndi mababu a pamsika. Foni ikhazikike pa chinthu chosagwedezeka. Kathumba ka mchenga kapena ka mpunga pamwamba pa mpando kamagwira ntchito. Ikani ISO, imene ndi muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala, pa 1600 kapena 3200, nthawi yotsegula diso la kamera pa masekondi 15, ndipo fokasi muikokere kumapeto kumene kuli chizindikiro cha kutali. Tcherani kawotchi ka masekondi atatu kapena asanu kuti chala chanu chisagwedeze foni. Mukapitirira masekondi 20 nyenyezi zimayamba kutuluka ngati timizere, chifukwa dziko limazungulira madigiri 15 pa ola. Nyenyezi zinayi za mtanda wa kummwera zimakwera bwino madzulo a Meyi ndi Juni, ndipo nsangwe zimatuluka kum'mawa madzulo a Novembala, nthawi yodzala. Valani zamanja aatali. Udzudzu wa kuno mukuudziwa.

Mwezi ndi nkhani ina. Umatuluka ngati kadontho koyera chifukwa cha zinthu ziwiri. Ndi waung'ono kuposa mmene ubongo umatiuzira, chala chakaniso chimauphimba wonse mukatambasula mkono. Komanso ndi mwala wowombedwa ndi dzuwa, ndiye umafuna muyeso wa masana, ISO 100 ndi nthawi yotsegula yaifupi kwambiri, osati wa usiku. Ndi foni, nzeru ndi kuujambula kutatsala tsiku limodzi kuti ukhale wathunthu. Tsiku limenelo umatuluka dzuwa lisanalowe, dziko likadali ndi kuwala, ndipo umakhala bwino pambali pa mlambe kapena denga la tchalitchi.

Tsopano nyumba. Kugwa chagada kuja kumabwera chifukwa mumaima pafupi n'kupendeketsa foni kuti denga lilowe. Foni ikangoyang'ana m'mwamba, mizere yoimirira imayamba kukumana kumtunda. Bwererani m'mbuyo, foni iime chilili ngati khoma lomwelo, ngakhale pansi palowe bwalo lalikulu. Bwalolo mudzadula pambuyo pake. Pakakhala chulu kapena ngolo, kwerani. Chotsalacho pulogalamu yaulere ya Snapseed imawongola ndi chida chake cha Perspective, bola musiye mpata m'mbali poti powongola imadya m'mphepete. Njerwa, ming'alu ndi zilembo zofufutika zimaoneka kuwala kukamabwera chammbali, kukukhula khoma. Kuwala kochokera kumsana kwanu kumafafaniza zonsezo, khoma limangoti see. Ndipo nyumba imodzi si chithunzi chimodzi. Tolani yonse pamodzi ndi malo ake, kenako mbali zonse zinayi, kenako tizinthu: mahinjesi, chitsulo cha pawindo, nsanamira za khonde, nambala kapena chaka chilichonse cholembedwa pachitsulo kapena pasimenti, ndi mzere wa matope umene madzi osefukira anasiya pakhoma. M'kati musalowe mwachisawawa. M'mabwinja mumakhala njuchi, njoka ndi mileme, ndipo mitengo ya denga imene chiswe chadya imaoneka yabwinobwino mpaka tsiku logwa.

Ndikuuzeni chifukwa chake ndakondwa kuti mukujambula za kunjanji. Chigwa chino ndicho chinali khomo la dziko lino. David Livingstone anakwera Shire mu 1859 mpaka mathithi a Kapichira anamuletsa. Bishopu Charles Mackenzie anamwalira mu Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo Richard Thornton, katswiri wa miyala wa paulendo wa Livingstone, anaikidwa cha ku Kapichira mu 1863. Kwa zaka zambiri katundu yense ankabwera pa sitima za pamadzi mpaka Chiromo ndi kwa Katunga. Madzi a mtsinje atayamba kuchepa ndi pamene anamanga njanji yochokera ku Port Herald, imene lero ndi Nsanje, ndipo inafika ku Blantyre mu 1908. Mu 1915 anaitalikitsa kummwera mpaka Chindio m'mphepete mwa Zambezi, ndipo mu 1935 mlatho wa Dona Ana unalumikiza njirayo mpaka ku Beira. Inu a ku Bangula mukudziwa bwino mmene madzi a mu 1997 anaduliratu njira ya ku Chiromo n'kusiya Makhanga tsidya lina. Masitolo a makonde aatali amene mukuwakondawo, ambiri anali a amwenye, amene boma linawachotsa m'madera a kumidzi m'zaka za m'ma 1970. Mashedi a thonje a ADMARC, bungwe limene linayamba mu 1971, nawonso tsopano ndi mbiri, ngakhale palibe amawayang'ana kawiri.

Zinthu zimenezi sizikudikirani. Madzi saiwala khwawa: tinaona mu Januwale 2015, mu 2019 ndi Idai, mu 2022 ndi Ana, mu 2023 ndi Freddy. Chimene madzi asiya, anthu amagumula kufuna njerwa ndi zitsulo, ndipo ngakhale chitukuko chenicheni, monga kukonzanso njanji yochokera ku Marka, chimachotsa zakale poika zatsopano. Ine ndili ndi bala langa. Panali katchalitchi ka njerwa zootcha pamudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje, kamene ndinkakadutsa chaka ndi chaka popita kukajambula maukwati. Nthawi zonse ndinkati kuwala sikunakome, ndidzabweranso. Madzi a 2015 atapita ndinapezapo masitepe atatu okha. Choncho musandimve molakwa pa zimene ndanena zodikira kuwala kwabwino. Tsiku loyamba kuiona nyumba, ijambuleni momwemo, ngakhale dzuwa lili paliwombo. Chokongolacho mudzabwerera.

Ndipo chithunzi cha nyumba yakale chopanda mawu chimafa msanga. Zanu zitatu zija mwangotumiza opanda dzina la malo ngakhale tsiku. Zaka makumi awiri zikubwerazi, ndani adzadziwe kuti sitolo ija inali pati? Lembani malo, mfumu ya dera, tsiku, mbali imene munayang'ana, ndi zimene akuluakulu a pamalopo akuuzani: inamangidwa ndi yani, inkagulitsa chiyani, inatsekedwa liti. Inu ndinu mphunzitsi, kufunsa ndi kulemba ndi ntchito yanu kale. Koma siyanitsani chimene mwaona ndi chimene mwamva. Poti njanji inafika mu 1908 sindiye kuti nyumba iliyonse ya pasiteshoni ndi ya 1908. Zambiri zinamangidwa pambuyo pake. Ngati agogo ena akuti inamangidwa nthawi ya nkhondo ya Hitler, lembani kuti atero ndi agogo a pamudzipo. Chaka chongopeka chikangolowa pa intaneti chimabereka ana, ndipo kuchibweza n'kovuta kuposa kubweza ng'ombe yolowa m'munda wa mapira.

Za mlonda uja, ndili kumbali yake. Bwinja lililonse lili ndi mwini, kaya kampani, mpingo, boma kapena banja, ndipo iye anaikidwa pamenepo chifukwa anthu amaba zitsulo. Munthu wachilendo akuzungulira nyumba ndi foni, iye aganize chiyani? Inenso ndili mnyamata anandilanditsa filimu yathunthu, ya ukwati wa eni ake, chifukwa chotola chithunzi chimodzi pamalo osafunsa. Yambani ndi moni, nenani dzina ndi sukulu imene mumaphunzitsa, muonetseni zithunzi zina zimene munajambula, ndipo akati mukaonane ndi abwana, pitani. Kumudzi yambirani kwa amfumu. Mukamaliza muonetseni chimene mwatola, ndipo ngati mwamujambula iye, m'tsukireni chimodzi. Alonda ambiri ndi amene amadziwa mbiri ya nyumbazo kuposa mabwana awo. Malo a asilikali, apolisi, ndende, chipata cha m'malire ngati Marka ndi malo opangira magetsi ngati Kapichira, amenewo musajambule popanda chilolezo chomveka. Kumeneko nkhani yake imafika kupolisi. Musatolenso kanthu pabwinja kuti mukasunge kunyumba, pali lamulo la Monuments and Relics Act loteteza zinthu zakale.

Palinso malo amene chilolezo chake si cha pepala. Kumanda simulowa popanda amfumu, kudambwe ndiye musayandikire. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi, amene kuyambira 2011 ali pa mndandanda wa malo amene dziko lino likufuna kuti UNESCO iwavomereze, ali ndi eni ake ndi malamulo ake a kavalidwe ndi kayendedwe. Kumeneko foni imakhala m'thumba mpaka iwo anene okha, ndipo akakana, mwaona ndi maso basi. Chimodzimodzi anthu amene madzi awagwetsera nyumba, kapena ana a sukulu yanu: chithunzi cha mwana wa mwini sichipita pa Facebook makolo asanavomere.

Kufwifwa kwa pa WhatsApp si vuto lanu. Foni yanu imatola chithunzi cha madontho pafupifupi 4000 m'litali, koma WhatsApp imachifinya kufika cha m'ma 1600 kuti isadye bandulo, ndipo thambo ndilo limavulala kwambiri: m'malo mosintha mtundu mosalala limatuluka mizeremizere. Wina akachijambulanso pasikirini n'kutumiza kwina, chimafinyidwanso. Kuyambira 2023 pali kabatani ka HD kamene kamathandizako, koma kuti chifike monga chilili, chitumizeni ngati Document. Chimadya bandulo yambiri, ndiye teroni ndi zokhazo zoyenera. Ndipo sankhani. Kulowa kwa dzuwa kumodzi, chithunzi chimodzi. Mukatumiza khumi ndi ziwiri zofanana anthu amaleka kutsegula. Pokonza, kwezani mithunzi pang'ono, tsitsani powala, wongolani, basi. Mitundu yokokomeza ija, thambo lofiira ngati sobo, imaoneka yabodza kwa aliyense amene anakhalapo kuchigwa. Zoika thambo la kwina pamwamba pa nyumba ya kwanu, zimene mapulogalamu a masiku ano amachita ndi kugwira kamodzi, ine ndimazikana. Chithunzi chotero sichingakhalenso umboni wa chilichonse.

Amene anatenga chithunzi chanu analakwa. Pansi pa lamulo la Copyright Act la 2016, chithunzi ndi cha amene anachijambula, ndipo nkhani zotere ofesi yake ndi COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso. Koma yambani ndi kumulembera mwaulemu kuti aike dzina lanu kapena achichotse; ambiri amachita mosadziwa, amaona ngati za pa intaneti ndi mango a m'tchire. Akakana, Facebook ili ndi njira yodandaulira. Umboni wanu ndi chithunzi choyambirira chija, chachikulu, chimene m'kati mwake muli tsiku, ola ndi mtundu wa foni, choncho musachifufute. Kadzina kakang'ono pakona n'kokwanira; dzina lalikulu pakati pa thambo limaononga chimene mumafuna kuonetsa. Za nyumba zakalezo, ganizirani zoziika pa Wikimedia Commons, nkhokwe yaulere ya zithunzi pa intaneti, kumene zithunzi za chigwa chino n'zochepa ndipo zimasungidwa zazikulu pamodzi ndi mawu ake. Dziwani chabe kuti mukaika kumeneko mwalola aliyense kuzigwiritsa ntchito, ngakhale pa malonda, bola atchule dzina lanu. Kulikonse kumene mungaike, sungani pawiri. Akaunti ya Google imapereka 15 GB yaulere, memori khadi ina ikhale kwa mbale wanu kumtunda, ndipo khumi zabwino kwambiri pachaka muzitsukitsa papepala. Foni imagwera m'madzi, imabedwa pa minibasi, ndipo makatoni anga awiri a mafilimu anadyedwa ndi chinyontho ndili maso.

Kandalama kaja, gulani kathirayipodi kokhala ndi chogwirira foni, pawabanki ndi memori khadi, chotsala chikhale cha thiransipoti yokafika ku Chiromo, ku Tengani ndi ku Chididi. Kamera idzafunika tsiku limene mudzafune mbalame za ku Elephant Marsh, nyala za ku Lengwe, mabala a pamwezi, kapena chithunzi chachikulu chopachika pakhoma. Pamenepo yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yokwanira, bola muunike lenzi yake ndi tochi kuti muone ngati mulibe nkhungu.

Ndatsala ndi khoma lanu lija la mumthunzi. Mwati mumalipeza choncho nthawi zonse, ndipo chithunzicho n'cha Julayi, ndiye ndikuganiza kuti likuyang'ana kummwera. Miyezi yozizira dzuwa limatulukira cha kumpoto kwa kum'mawa, limadutsa kumpoto tsiku lonse, masana limangokwera madigiri pafupifupi 50, ndipo khoma la kummwera silikhudzidwa n'komwe. Limayamba kulinyambita kumapeto kwa Sepitembala, m'mawa ndi madzulo okha. Kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale dzuwa limadutsa pamutu penipeni, ndipo pakati pa masiku amenewo limakhala mbali ya kummwera. Tsimikizani ndi kampasi ya m'foni mwanu. Ngati ndalondola, kajambuleni mawa lomwe kuti chikhalepo, kenako mukapangane ndi mlonda uja za m'mawa wina wa pakati pa Disembala. Mukafike 5 koloko isanakwane, muime cha kukona ya kummwera chakumadzulo, ndipo mudikire dzuwa likwere pang'ono mpaka kuwala kuyambe kuyenda m'mizere ya njerwa. Mukachitola munditumizire ngati Document, pamodzi ndi zimene mlondayo akuuzeni za nyumbayo.